Madzi Ofiira a M'kabotolo

MUTU 5

1. Munthu wa chibokosi chakuda

Estele sankadana ndi a Namakhwa kuyambira kale ayi. Chidanicho chinayamba Lachitatu lina nthawi ya kwaya, ndipo chinayambira pa kanthu kochepa.

A Wyson Namakhwa anali munthu wachikulire, wamtali, wowonda, wa ndevu zoyera. Lachitatu lililonse ankabwera pasukulu yasekondale yoyendera ya kufupi ndi Chinakanaka kudzaphunzitsa nyimbo, popanda wowalemba ntchito. Asanabwere iwo, kwaya ya pasukulupo inali chisokonezo chokhachokha, aliyense kukuwa mmene kukhosi kwake kwamulolera. Iwo ndiwo anaphunzitsa anawo kuwerenga nyimbo papepala, timadontho takuda tokhala pamizere isanu.

Tsiku limenelo Estele, mtsikana wa Fomu 2 wa mawu okoma koma wopupuluma, analowa msanga pa vesi yake katatu konse. Kachitatuko a Namakhwa anatsitsa dzanja, kwaya yonse n'kukhala chete.

"Estele, mawu uli nawo, palibe akukana," anatero. "Koma sudziwa kudikira. Vesi imeneyi aimba Maureen. Iwe bwerera kumbuyo ukaphunzire kuwerenga."

Anzake anaseka. Estele anapita kumzere wakumbuyo nkhope ili pansi, mtima ukuwawa. Chopweteka kwambiri chinali chakuti Maureen anali mnzake wapamtima.

Tsono a Namakhwa anali munthu wosavuta kumunenera zoipa. Anakhala ku Joni zaka makumi atatu, koma anabwerako opanda galimoto, opanda mkazi, ngakhale wailesi yakanema analibe. Anatsika m'minibasi ndi chikwama chimodzi komanso chibokosi chakuda chachitali, chimene sankalola munthu aliyense kuchigwira. M'mawa ankapezeka m'mphepete mwa mtsinje wa Likhubula ali ndi kampeni, akugogoda mabango, kuwanunkhiza, kudula limodzi n'kusiya makumi. Kamodzi kunabwera galimoto ya alendo kwawo, mmodzi mwa iwo ali mzungu. Ndipo masana ena m'nyumba mwawo munkamveka kubuula ngati kwa ng'ombe yodwala, pamene mwini wake analibe ngakhale mbuzi.

Anthu akwathu kuno mukuwadziwa. Chinthu akapanda kuchimvetsa, safunsa mwini wake, amafunsana okhaokha.

2. Zimene anaona pawindo

Lachinayi a hedi anatuma Estele kuti akasiye kalata ya mpikisano wa makwaya kwa a Namakhwa, poti njira ya kwawo inkadzera kumeneko. Kunali chiperoni, phiri lonse litabisala mumtambo.

"Odi! Odi kuno!" anaitana kawiri. Panalibe woyankha.

Mwana waulemu akanadikira kapena kugogoda mwamphamvu. Estele anazungulira kuseri n'kusuzumira pawindo.

Chibokosi chija chinali chotsegula. M'kati mwake munali nsalu yofiira, ndipo pansalupo panagona mipope ikuluikulu yamatabwa yokhala ndi tizitsulo tonyezimira. A Namakhwa anali patebulo. Kukamwa kwawo kunali kapaipi kachitsulo, kopyapyala, kopindika ngati khosi la tsekwe. Patsogolo pawo panali mpeni, tiwaya, ndi kabotolo ka madzi ofiira. Anavuula kanthu m'kabotolomo, n'kukayamwa, maso ali chitsinzire, nkhope ikumwetulira.

Estele analowetsa kalata ija kunsi kwa chitseko n'kuliyatsa liwiro osacheuka.

Madzulo ake anapita kumjigo. Anapeza Maureen akupopa madzi, kwinaku akung'ung'uza vesi ija. Vesi yake ija! Mkwiyo wa dzulo unabwerera wonse.

"Uziimba, aise, uziimba," anatero Estele akuika chidebe pansi. "Koma ukudziwa zimene aphunzitsi akowo amasunga m'chibokosi muja?"

"Zotani?"

"Mapaipi. Ndaona ndekha ndi maso angawa. Akuyamwa kapaipi, pambali pali botolo lodzaza magazi."

Apa ndi pamene mwanayu analakwa, ndipo tisamubisire. Maso ake anaona madzi ofiira. Magazi anawaika yekha ndi pakamwa pake, pofuna kuti Maureen asiye kung'ung'uza.

Maureen anasiyadi. Koma kumbuyo kwawo kunali amayi atatu pamzere, ndipo makutu awo sanali otseka. Pofika Lachisanu masana, kabotolo kaja kanali katakula kukhala zigubu zisanu. Wina anati anaonanso firiji, m'nyumba yopanda magetsi! Wina anakumbukira galimoto ya mzungu ija. Mawu amene anthu a ku Mulanje amaopa kuwatchula mokweza anayamba kuyenda pamsika monong'onezana: anamapopa abweranso.

Dzuwa lisanalowe, ankolo ake a Estele, a Kondie, anafika pakhomo ndi njinga yawo ya kabaza. Iwo anali mlongo wa mayi ake, ndipo anyamata a pasiteji ya Chinakanaka ankawamvera kwambiri.

"Estele, tabwera kuno. Zimene zikumvekazi, unaona ndi maso ako?"

Estele anayang'ana pansi. Mwayi wobweza mawu unalipo pamenepo, koma manyazi anamuletsa. Anangogwedeza mutu kuvomera.

"Basi," anatero a Kondie akukwera njinga. "Mawa m'mawa chibokosi chimenecho tikachitsegula ndi manja athu."

3. Chenjezo la mayi Joice

Mayi ake a Estele, mayi Joice, ankathyola tiyi ku esiteti. Anafika atamva kale nkhaniyo m'mizere ya tiyi, koma sanadziwe kuti inachokera m'nyumba mwawo mpaka mnansi wina atawauza panjira. Anatula dengu, osayang'ana n'komwe mphika wa nyemba za kalongonda umene unkawira kuyambira m'mawa.

"Khala pansi apa," anatero.

Estele anakhala pamkeka.

"Iwe unali wamng'ono chaka chija mphekesera za anamapopa zinavuta kuno, sungakumbuke. Ine ndikukumbuka chifukwa ndinalipo. Tinkagona panja mudzi wonse, amuna atanyamula zibonga. Mlendo aliyense anali mdani. Tsiku lina la msika ku Milonde kunadutsa bambo wina amene sitinkamudziwa, ali ndi chikwama kumsana. Mwana wina anangonena kuti, 'M'chikwamamo ndaona paipi.' Mawu ake anali omwewo basi. Palibe anafunsa bamboyo dzina. Palibe anafunsa kumene ankapita. Analankhula, koma ndani akanamva pa phokoso limene lija? Atagona pansi osagwedezekanso, ndi pamene anthu anakumbukira zotsegula chikwamacho. Ukudziwa munali chiyani? Pampu ya njinga, mbewu ya anyezi, ndi kadiresi ka mwana. Kadiresi kachikasu, Estele. Mpaka lero ndimakaona. Ndipo ndikuuze chinthu chimene sindinauzepo munthu. Tsiku limenelo inenso ndinatola mwala. Sindinauponye, koma ndinautola."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Tsono undiyankhe ine mayi ako, osati Kondie. Unaona magazi?"

"Anali ofiira, amayi."

"Sindinafunse mtundu wake."

Estele anakanda mkeka ndi chala. "Sindikudziwa."

"Mayo ine!" Mayi Joice anagwira kumutu. "Sukudziwa, koma boma lonse likudziwa chifukwa cha iwe!"

Anakhala pamkeka pambali pake. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali otsika.

"Tamvera. Mawa usatuluke pakhomo pano. Ine ndilawirira kukamusaka Kondie, mwina andimvera. Koma iwe usayerekeze kupita kumeneko. Gulu la anthu likakwiya silifuna womabweza mawu. Ukakanena kuti sukudziwa, adzati nawenso akudyetsa mankhwala, ndipo miyala yomweyo idzatembenukira kwa iwe. Ine ndili ndi mwana mmodzi. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

4. Lilime la bango

Loweruka m'mawa mayi Joice anatuluka kusanache bwino. Estele anatenga tsache n'kuyamba kusesa pabwalo. Anasesa malo amodzi katatu. Kenako anamva wezulo chakumsika, kulira kamodzi, kawiri. Anaponya tsache pansi n'kuthamangira njira yachidule yodutsa m'munda wa nandolo.

Ulendo uno anamenya chitseko ndi chibakera. A Namakhwa anatsegula atavala malaya oyera, omanga mabatani mpaka m'khosi.

"Aphunzitsi, thawani! Akubwera!"

"Ndithawire kuti ndi mawondo awa?" anafunsa modekha. "Ndadziwa kale. Dzulo pamsika amayi a tomato anandibisira nkhope, ana n'kumandithawa. Chimene sindikudziwa ndi chakuti anaona magaziwo ndani."

"Ndine. Lachinayi ndinaodira osandiyankha, ndiye ndinasuzumira pawindo."

A Namakhwa anapatuka pakhomo. "Lowa. Udzaone bwinobwino zimene unaona theka."

Estele analowa, koma chitseko anachisiya chotsegula, ndipo anaima pafupi nacho. Mantha anali asanamuthere. Nanga bwanji ngati zinali zoona?

Mkuluyo anatsegula chibokosi. Anatenga mipope ija n'kuilumikiza umodziumodzi mpaka inakhala chinthu chimodzi chachitali, chofika m'phewa mwa Estele. Pambali pake analowetsa kapaipi kachitsulo kaja.

"Ichi ndi chida choimbira. Dzina lake ndi basuni. Kapaipi aka kamangopititsa mpweya. Sikakoka kanthu, kamalandira." Anavuula kanthu kaja m'kabotolo n'kukaika pachikhatho. "Ili ndi lilime lake. Ndi tizidutswa tiwiri ta bango topalidwa mpaka kupyapyala, tomangidwa ndi waya ndi ulusi. Likauma sililira, n'chifukwa chake timaliviika m'madzi. Ulusi wabwino unandithera. Uwu ndinagula pa benchi ya a Mustafa kumsika. Tatunga madzi mumtsukomo."

Estele anatunga yekha m'kapu. A Namakhwa anadula kachidutswa ka ulusi wofiira n'kuponyamo. Pang'onopang'ono madzi aja anayamba kufiira. Estele anakhala pansi osauzidwa.

"Ine ndinabadwira m'malaini, nyumba za antchito a ku esiteti," anatero a Namakhwa. "Bambo anga anachokera ku Mozambique akuyenda wapansi kudzathyola tiyi. Ndili mwana ndinkaboola mapesi a papaya n'kumawaliza. Wansembe wina wa kumishoni anandimva, n'kundipatsa chitoliro chenicheni. Kuchoka apo ndinalowa bandi, kenako ndinapita ku Joni. Kumeneko ndinakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mu okesitira, gulu la anthu makumi asanu ndi atatu oimba nyimbo imodzi, aliyense ndi chida chake. Ine ndinkakhala chakumbuyo, malipenga ali m'khutu mwangamu. N'chifukwa chake khutu ili linafa, ndipo odi wako sindinamumve. Loweruka ndinkaphunzitsa ana a m'makomboni. Alendo a galimoto aja, awiri anali ana anga a sukulu, mzunguyo tinkakhala mipando yoyandikana. Tsiku lina ndinadzifunsa kuti, ndaphunzitsa ana a eni ake ambirimbiri, nanga kwathu? Palibe ndi mmodzi yemwe. Ndiye ndinanyamuka."

"Nanga bwanji simunationetse?" anafunsa Estele motsitsa mawu.

"Pamenepo ndinalakwa ine. Malilime ogula anatha, kuno sagulitsa. Ndinati ndisaonetse ana chinthu chosalira bwino, angachiseke. Ndinayamba kuyesa mabango akwathu. Bango limafuna kuuma zaka, ndipo ambiri amakana. Kubuula kumene anthu ankamva kuja anali malilime okana. Zaka zitatu, mwana wanga. Lachinayi lija, pamene unkasuzumira, ndi tsiku limene lilime loyamba la bango la Likhubula linalira bwino. Ndinati Lachitatu likudzali ndipita nayo kusukulu."

Estele anaphimba nkhope ndi manja.

"Chotsa manja, undimvere. Anthu amaganiza kuti ntchito ya woimba ndi kutulutsa mawu. Ayi. Ntchito yanga yaikulu inali kukhala chete. M'nyimbo zina ndinkakhala mphindi khumi basuni ili pamwendo, ndikuwerenga mumtima, kudikira kuti ndilize mawu anayi okha. Ukalowa msanga, wawononga ntchito ya anthu makumi asanu ndi atatu. Ukachita mantha n'kuchedwa, wawononganso, chifukwa malo akowo palibe wina angawadzaze. Ndi zimene ndinkakuphunzitsa Lachitatu. Sindinkakuda ayi."

Panja panamveka mabelu a njinga, mawezulo, ndi mapazi a anthu ambiri.

"Tulukira khomo lakuseri," anatero a Namakhwa. "Mayi ako akufuna mwana wamoyo."

5. Pakhonde

Mkuluyo anatuluka pakhonde manja ali m'mwamba, opanda kanthu. Estele sanatulukire kuseri. Sanatulukirenso kumaso. Anaima kuseri kwa chitseko, akuyang'ana pampata.

Pabwalo panali anthu oposa makumi anayi. Ena anali ndi zibonga, ena miyala, ndipo mnyamata wina ananyamula chigubu cha petulo. Kumbuyo kunali amayi ndi ana. Maureen analinso pomwepo, akulira. A Kondie anali patsogolo.

"Madala, tabwerera chibokosi," anatero a Kondie. "Chitulutseni."

"Chili m'nyumbamu, sindikubisa," anayankha a Namakhwa. "Sankhani anthu awiri alowe, ndiwaonetse chilichonse ndi ntchito yake."

"Asatipusitse!" anakuwa wina. "Akufuna awapope m'katimo!"

"Waphunzira ku Joni ameneyu!"

"Tenthani nyumbayo!"

A Namakhwa anayesa kulankhulanso, koma mawu awo anamira m'phokoso. Estele anadziwa kuti nthawi yake yakwana. Anauza miyendo yake kuti iyende, miyendo n'kukana. Anati awerenge mpaka zitatu. Anafika pa zitatu, n'kuyambiranso.

Ali pa ziwiri kachiwiri, mwala unachokera m'katikati mwa gulu n'kuwamenya a Namakhwa pakamwa. Phwa! Mkuluyo anadzandira n'kukhala pansi. Ndevu zoyera zija zinafiira, malaya oyera aja nawonso. Amenewo ndiye anali magazi, ndipo sanafanane n'komwe ndi madzi a m'kabotolo.

"Siyani! Siyani!"

Estele anatulukira pakhomo ulusi uli m'manja, n'kuima patsogolo pa mkuluyo. Gulu linadabwa, phokoso n'kutsika.

"Ndine ndinayambitsa nkhaniyi! Ndinaona madzi ofiira basi. Za magazi ndinaonjezera ndekha, chifukwa anandichotsa pa vesi ya kwaya. Ndinanama!"

"Iwe Estele, choka pamenepo!" anakalipa a Kondie.

"Amudyetsa mankhwala mwanayu!" anatero mayi wina. "Taonani maso akewo!"

Miyala ingapo inakwera m'mwamba. Estele sanasunthe.

"Ankolo, ndipatseni botolo la madzi lili panjinga yanulo. Madzi anu omwe, kuti musanene kuti ndi a m'nyumba muno."

A Kondie anazengereza, kenako anamuponyera botololo. Estele anaponyamo kachidutswa ka ulusi, n'kukhutchumula, n'kulikweza m'mwamba. Madzi anafiira anthu onse akuona.

Pamenepo mayi wina anakankha anthu n'kufika kutsogolo, thukuta lili kamukamu. Anali mayi Joice. Anamuyang'ana mwana wawo kamodzi, kenako analanda ulusi uja n'kuupenyetsetsa.

"Abale inu, uwu si ulusi wa kwa Mustafa uwu? Womwe unandiwonongera bulauzi yoyera ya kutchalitchi? Nachisale, si iwe unandithandiza kuichapa?"

"Eee, umasuluka umenewo," anavomera mayi uja amene ankanena za mankhwala, mawu atachepa. Amayi ena anayamba kung'ung'udza. Aliyense anali ndi chovala chake chimene ulusi umenewo unachiwononga.

"Ulusi tamva," anatero a Kondie. "Nanga chipaipicho?"

Estele analowa m'nyumba n'kutuluka atakumbatira basuni ndi kabotolo kaja. Anthu anabwerera m'mbuyo. Anavuula lilime m'kabotolo, n'kulilowetsa kunsonga ya kapaipi monga a Namakhwa anamulozera. Kenako anaika kukamwa kwake. Amayi ena anakuwa, ena anatseka maso.

Anauzira. Kunangotuluka mpweya. Anauziranso mwamphamvu, ndipo chidacho chinalira ngati bakha wopondedwa. Kamwana kena kanaphulika kuseka.

A Namakhwa, dzanja limodzi lili pakamwa, anatambasula linalo n'kukonza zala za Estele pamabowo. Anamuonetsa ndi chikhatho kuti auzire pang'onopang'ono.

Kachitatuko kunatuluka liwu lalikulu, lakuya, losalala. Estele analimva likunjenjemera m'chifuwa mwake. Linadzaza khonde, n'kufalikira pabwalo ponse. Estele anauzirabe mpaka mpweya unamuthera.

"Aaa, ng'ombe ija ndi imeneyi?" anafunsa bambo wina wachikulire.

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa manyazi. Miyala inayamba kugwa pansi mwakachetechete, kuseri kwa miyendo. Wa chigubu uja anazimiririka osaoneka njira yake. Ena anakwera pakhonde kudzagwira basuni ndi chala chimodzi, n'kumati iwo anangobwera kudzaonerera. A Namakhwa analoza kapaipi kaja, poopa kuti kangapindike m'chipwirikiticho. Estele anakazula, lilime n'kuwapatsa eni ake, kapaipiko n'kukaika pawindo.

A Kondie okha sanaseke.

6. Malo opanda kanthu

Anthu atabalalika, mayi Joice anatenthetsa madzi, n'kuthiramo mchere, n'kuyamba kutsuka bala. Mlomo wam'munsi unali utang'ambika pakati. Mano awiri akutsogolo anali atachoka.

"Tikuperekezani kuchipatala akasoke," anatero mayi Joice. "Bambo, ndilibe mawu. Mwana ndi wanga, mlongo ndi wanga."

Estele anagwada pambali pa mpando. "Aphunzitsi, bala likapola mudzalizanso?"

A Namakhwa anapukusa mutu. Ankalankhula movutika, mawu amodziamodzi.

"Basuni imagwidwa ndi milomo, milomo imatsamira mano. Zatha." Anayang'ana kamtolo ka mabango kamene kanali kudenga. "Zaka zitatu ndinadikira bango. Ndaliza masiku awiri."

Estele analira mokweza, kulira kwa mwana wamng'ono. Mayi ake sanamutonthoze.

"Lachinayi ndinalowa msanga," anatero akusisima. "Lero ndachedwa. Ndinali kuseri kwa chitseko, aphunzitsi. Mwala usanabwere ndinali pomwepo."

"Ndinakuona," anayankha mkuluyo. "Wachedwa. Koma walowa."

Anatambasula dzanja n'kumupatsa lilime la bango lija, ulusi wake utasuluka kale.

"Sindikupatsa mphatso ayi, ndikukupatsa ntchito. Mlomo wanga wapita ndi mawu ako. Tsono basuni iyi idzalira ndi mlomo wako. Lolemba ukaweruka ubwere, ndipo uzibwera mpaka udzaphunzitse wina. Vesi ija ikhalabe ya Maureen."

"Ndamva, aphunzitsi."

"Phunziro loyamba ndi lero. Chida sichigona panja. Pukuta chigawo chilichonse, uchibwezere pamalo pake."

Estele anapukuta misozi n'kuyamba kumasula mipope ija. Chigawo chilichonse chinali ndi malo ake m'nsalu yofiira ija, osemedwa molingana nacho. Anaika choyamba, chachiwiri, chachitatu, chachinayi. Panatsala malo amodzi opyapyala, opindika ngati khosi la tsekwe.

Anatuluka kukatenga kapaipi pawindo. Panalibe. Anayang'ana pansi, kuseri kwa mtsuko, m'maluwa a m'mphepete mwa khonde. Anasesa ndi manja fumbi lonse la pamenepo.

"Aphunzitsi, kapaipi kaja sikakuoneka."

A Namakhwa anadzuka pampando, nsalu ili pakamwa. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, Estele anaona mantha m'maso mwawo.

"Popanda kameneko, zonsezi ndi nkhuni," anatero. "Ndipo kali m'manja mwa munthu wosakadziwa."

Estele anakumbukira kuti a Kondie ndiwo anatsika pakhonde pomalizira, dzanja lili m'kati mwa jekete. Anathamangira kumsewu. Matayala a njinga ya a Kondie anasiya mzere m'matope a chiperoni. Mzerewo sunakhotere kusiteji ya Chinakanaka. Unalunjika njira ya ku Milonde, kumene anafera bambo wa chikwama uja, kumenenso tsikulo linali la msika, ndipo kumeneko kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaona ulusi ukusuluka.